Mwana Akalirira Sugar Glider: Mumugulire, Kapena Mbira, Kalulu, Khoswe ndi Mphaka N'zabwinoko?

Mwana wanu waonera kavidiyo pafoni. Kanyama kotuwa, kamzere wakuda pamsana, kamaso aakulu akuda bii, kali pamwamba pa chitseko. Katambasula miyendo, kadziponya m'malere, n'kudzatera pachikhatho cha mwini wake ngati tsamba. Kenako kalowa m'thumba la malaya n'kumasuzumira. Kuyambira tsiku limenelo nyimbo ya pakhomo yangokhala imodzi: "Amayi, ndigulireni sugar glider. Bambo, ndizikasamala ndekha."

Mwanayo sindikumudabwa. Kanyamaka n'kokongoladi, ndipo ine ndemwe ndimakakonda. N'chifukwa chake ndikulemba izi, poti ndikufuna kuti mwana asangalale, komanso kuti kanyamako kasazunzike. Akuluakulu amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha. Mwambiwu ndi wanzeru ngati chimene mwana akulirira chili chopanda moyo, chifukwa nyanga ikafota mwana amatolapo phunziro, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ngati chofotacho chimapuma, chimamva njala ndiponso chimasungulumwa, wovutika weniweni sakhala mwanayo.

Maganizo anga ndinene poyambirira pomwe: sugar glider si chiweto cha mwana. Munthu wamkulu wodzipereka angathe kukaweta bwino, ndipo ana ake angasangalale nako iye ali pomwepo. Koma kupatsa mwana kuti kakhale kake, iyayi. Zifukwa zake ndi izi, ndipo tikatha tiona nyama zina zimene zingampatse mwana zomwe akufunazo.

Kanyama ka usiku, ka m'mitengo

Ambiri akakaona amati ndi gologolo wouluka, koma si gologolo, si mbewa. Ndi kachibale ka kangaroo ndi koala, nyama zolerera ana m'thumba la pamimba. Kwawo ndi ku nkhalango za Australia, New Guinea ndi zilumba zina za Indonesia. Kakakula kamalemera magalamu pakati pa 90 ndi 160, thupi lake n'lokwana m'chikhatho, mchira n'kukhala wautali ngati thupilo. M'mbali monse muli chikopa chopyapyala chochokera kudzanja kukafika kuphazi, ndipo kakachitambasula kamatha kuyandama mumpweya mtunda wofika mamita 50 kuchoka pamtengo wina kupita pa unzake. Bere lake ndi la masiku 15 mpaka 17 okha. Kamwana kamabadwa kochepa ngati njere, n'kukwawira m'thumba la amake, mmene kamakhala masiku pafupifupi 70.

Kumbukirani mamita 50 amenewo mukamayang'ana khola limene wogulitsa akukuonetsani.

Pali china chofunika kuchidziwa. Mbira zakhala m'manja mwa anthu zaka masauzande, amphaka nawo chimodzimodzi, ndipo mibadwo yonseyo yakhala ikuzolowera dzanja la munthu. Sugar glider anayamba kutchuka ngati chiweto posachedwapa, makamaka ku United States m'zaka za m'ma 1990. Ngakhale akatswiri akadali pophunzira za kanyamaka: m'chaka cha 2020 ofufuza a ku Australia anaonetsa kuti chimene kwa zaka zambiri chinkaonedwa ngati mtundu umodzi ndi mitundu itatu yosiyana. Tsono amene akukuuzani kuti kusamala kwake n'kosavuta ngati kusamala mbewa yoweta, dziwani kuti akufuna kugulitsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Vuto loyamba, ndipo kwa ine ndi lalikulu kuposa onse, ndi nthawi. Sugar glider amagona usana wonse, atadzipinda m'kachisa. Amadzuka kukada, ndipo amachangamuka kwambiri pamene mwana wa sukulu ayenera kukhala ali m'tulo. Mwana akaweruka masana, ali ndi chimwemwe chofuna kusewera ndi kanyama kake, amakapeza kali gone. Ndi mwana uti amene angapirire osakadzutsa? Akakadzutsa kamachita mantha, kamalira kulira kwaukali kokhala ngati kamakina kakupera chitsulo, ndipo kamaluma. Akapitiriza tsiku ndi tsiku, kanyamako kamafooka ndi kusowa tulo. Ndiye kukada zinthu zimatembenuka: kanyama kakuthamanga pagudumu lake la m'khola, kakudumpha m'khola, nthawi zina kakuuwa ngati kamwana ka galu pakati pa usiku, ndipo wosowa tulo tsopano ndi mwana. Awiriwa amakhala ngati anthu ogona nyumba imodzi, wina wogwira ntchito usana, wina usiku. Palibe wolakwa, koma sakumana.

Lachiwiri ndi zaka. Kosamalidwa bwino, kanyamaka kamakhala zaka 12 mpaka 15. Werengerani nokha. Mwana amene akulira lero ali ndi zaka 8 adzakhala ndi zaka 20 kapena kuposerapo kanyamako kadakalipo. Adzakhala atadutsa mayeso, atapeza anzake ena, mwina atachoka pakhomo kukaphunzira kapena kukagwira ntchito. Amene adzadula zipatso madzulo aliwonse zaka zonsezo ndinu.

Lachitatu: sikakhala kokha. Kuthengo tinyamati timagona m'phanga la mtengo m'magulu, akuluakulu ofika 7 pamodzi ndi ana awo, tikufunditsana ndi kupesana ubweya. Kakakhala kokha m'khola kamatha kusiya kudya, kumangozungulira malo amodzi, kudzizula ubweya, ngakhale kudziluma mpaka kudzivulaza. Izi zimandikhudza mtima kwambiri, chifukwa mwini wake amakhala kuti amakakonda, kungoti sanauzidwe. Munthu, ngakhale akhale wachikondi chotani, sangalowe m'malo mwa kanzake, poti iye amagona nthawi imene kanyamako kakufuna wocheza naye. Choncho mukati mukugula, mukugula tiwiri. Ndipo ngati pali kamphongo ndi kathazi, kamphongoko kafunika kuthenedwa ndi dokotala, apo ayi khola lidzadzaza.

Chakudya ndicho chimapha tambiri

Dzina lake limasocheretsa. Anthu akamva za shuga amaganiza kuti zipatso zotsekemera n'zokwanira. Kuthengo kanyamaka kamaboola makungwa a bulugamu ndi mano ake akumunsi n'kumanyambita madzi a mtengowo, kamadya utomoni wa mitengo ya mtundu wa mthethe, timadzi ta maluwa, mungu, ndi tizilombo tambiri, makamaka nyengo yotentha. Kutengera zimenezi m'nyumba si ntchito yamasewera. Oweta amachita kukonza msakanizo wapadera. Wina wodziwika umatchedwa Leadbeater's mix, wopangidwa ndi uchi, dzira lowiritsa, phala la makanda ndi mavitamini, ndipo pamwamba pake amawonjezera zipatso, masamba ndi tizilombo toweteredwa dala. Zonsezi zimaikidwa m'khola madzulo, zotsala n'kuchotsedwa m'mawa zisanasase.

Pamene pagona nkhani ndi pa kashiamu, mchere wa m'zakudya wolimbitsa mafupa. Chakudya chake chimafunika kukhala ndi kashiamu wochuluka pafupifupi kawiri kuposa mchere wina wotchedwa fosiforasi. Zikapanda kutero, thupi limayamba kutapa kashiamu m'mafupa, mafupawo n'kufewa. Chizindikiro chimene mwini amayamba kuona ndi kanyama kakukoka miyendo yakumbuyo, kakulephera kukwera. Pofika pamenepo matendawo amakhala atakhazikika kale, chifukwa nyama zazing'ono zimabisa ululu mpaka zitatheratu mphamvu. Mbali inayi, zotsekemera ndi zamafuta zikachuluka kamanenepa mopitirira ndipo mano amawola. Chokoleti, khofi, anyezi ndi adyo n'zoopsa kwa iko. Tsono taganizani mwana wa mtima wabwino amene akudya switi, kanyama kakumuyang'ana ndi maso aja. Adzakagawira, poti kwa iye kugawana ndiko chikondi.

Za ukhondo ndinene mosabisa. Sugar glider saphunzira kukhala ndi malo amodzi odzithandizira. Amakodza ndi kuchita chimbudzi paliponse pamene ali, ngakhale paphewa panu. Kamphongo kali ndi tiziwalo totulutsa fungo pachipumi ndi pachifuwa, timene kamadzolera anzake ndi malo ake, ndipo fungolo limamveka m'chipinda. Zikhadabo zake n'zakuthwa, zokwerera mitengo, moti zimasiya mikwingwirima pakhungu la mwana ngakhale kasakufuna kumuvulaza. Mano aja oboolera makungwa, chala cha mwana sichingawavute. Ndipo ngozi ili mbali zonse: mwana akalumidwa amadzidzimuka n'kukutumula dzanja, kanyama ka magalamu 100 n'kukamenyetseka kukhoma.

Kukazoloweza nako kumafuna kudekha. Oweta amakanyamula masana m'kathumba ka nsalu pachifuwa kali mtulo, kwa milungu kapena miyezi, kuti kazolowere fungo lawo. Chimene mwana anaona m'kavidiyo kaja ndi mapeto a ntchito yaitali imene kamera sinajambule.

Zina ziwiri muzifufuze musanatulutse ndalama. Choyamba ndi malamulo. Ku United States, zigawo za California, Alaska ndi Hawaii zimaletsa kuweta sugar glider, mzinda wa New York nawonso umaletsa. Ku Australia kwenikweniko, madera ambiri salola, ndipo ololawo, monga Victoria ndi South Australia, ali ndi malamulo ake a ziphaso. Zifukwa zake si zopeka. Pachilumba cha Tasmania tinyamati tinachita kubweretsedwa ndi anthu m'zaka za m'ma 1800, ndipo lero timalowa m'zisa za mbalame yotchedwa swift parrot n'kudya mazira, anapiye ndi make yemwe, mbalame imene yatsala pang'ono kutheratu. Chachiwiri ndi dokotala. Si dokotala wa ziweto aliyense amene anaphunzira za nyama zolerera m'thumba. Ngati kumene muli kulibe wodziwa kuchiza kanyamaka, nkhani yathera pomwepo, chifukwa tsiku lodwala lidzafika ndithu.

Nanga mwanayo tim'patse chiyani?

Musanayankhe, mufunseni chimene chamukopa. Ana ambiri akafotokoza, mupeza kuti akufuna zinthu zitatu: kanyama kofewa koti azikagwira, koti kazimuzindikira, ndiponso koti kazikhala maso iye ali maso. Tiyeze nyama zinazo ndi muyeso umenewu.

Ndiyambe ndi mbira, zoweta zija zimene kwawo kwenikweni ndi ku mapiri a Andes ku South America. Kwa mwana wa zaka 6 kapena 7 kupita m'tsogolo, ine ndimaika mbira patsogolo pa tinyama tonse ta m'khola. Imagona pang'onopang'ono, usana ndi usiku, choncho mwana akaweruka amaipeza ili maso. Siluma wamba. Ikachita mantha imathawa kapena kungoti zii, m'malo molimbana. Thupi lake n'lokwana manja awiri, si kanthu koti n'kupulumuka pakati pa zala. Ndipo imayankhula! Ikangomva phazi la woidyetsa kapena kukhwekhwereza kwa pepala la masamba, imayamba kuimba likhweru lake lija. Kwa mwana, kulandiridwa chotere tsiku lililonse ndi chinthu chachikulu: akudziwa kuti pali wina amene amamudikira.

Chakudya chake n'chosavuta kumvetsa, ndipo mwana angathe kuchidziwa bwinobwino. Udzu wouma wabwino uzikhalapo nthawi zonse, chifukwa mano a mbira amakula moyo wake wonse ndipo udzuwo ndiwo umawaperesa. Masamba aawisi tsiku lililonse, chifukwa mbira, monga munthu, sipanga yokha vitamini C m'thupi, ndipo ikamusowa imatupa m'mfundo, nkhama n'kumatuluka magazi. Madzi oyera. Basi. Yerekezani ndi kuwerengera kashiamu ndi fosiforasi madzulo alionse.

Mbira nayo ili ndi zofuna zake. Sikhala yokha, dziko la Switzerland linafika poika lamulo mu 2008 loletsa kuweta imodzi yokha. Tengani ziwiri, zazikazi zokhazokha kapena zazimuna zogwirizana, poti mukasakaniza zimaswana msanga. Imafuna khola lotambalala pansi, osati lalitali, ndipo imaipitsa kwambiri moti kusesa n'kwa pafupipafupi. Kutentha kwambiri kumaipha. Ikagwa kuchokera m'manja mwa mwana woimirira imatha kuthyoka, ndiye lamulo likhale lakuti mbira timaigwira titakhala pansi. Imakhala zaka 5 mpaka 8, nthawi yokwanira kuti mwana akule nayo, koma yosafika poti iye n'kuchoka pakhomo n'kukusiyirani.

Kalulu ndiye amanamiziridwa kwambiri. Chifukwa chofatsa nkhope, anthu amayesa chidole cha ana. Koma kwa kalulu, kunyamulidwa m'mwamba kumafanana ndi kugwidwa ndi kabawi, ndipo akalulu ambiri amadana nako moyo wawo wonse. Akamaphiriphitha amakanda ndi miyendo yakumbuyo, ndipo miyendoyo ndi yamphamvu kuposa msana wake, moti akhoza kudzithyola yekha msana ali m'manja mwa mwana. Kumunyamula ndi makutu ndiye nkhanza zenizeni. Ubwino wake ulipo: amaphunzira kudzithandizira malo amodzi, amazindikira anthu ake, ndipo amachangamuka m'mawa ndi madzulo, nthawi imene mwana ali pakhomo. Koma amatafuna mawaya amagetsi, amafuna malo othamanga, amafuna mnzake, ndipo amakhala zaka 8 mpaka 12. Kwa mwana wodekha, wa zaka 10 kapena kuposa, amene angakhutire ndi kukhala pansi n'kudikira kuti kalulu abwere yekha, ndi chiweto chabwino. Kwa mwana wofuna kufungata, ayi.

Za hamster, kanyama kooneka ngati mbewa koma ka mchira waufupi, sinditaya nthawi. Ndi kamene makolo ambiri amathamangira chifukwa n'kochepa ndipo khola lake silidya malo, koma kali ndi vuto lomwe lija la sugar glider: n'ka usiku, ndipo kakadzutsidwa masana kamaluma. Mtundu wofala kwambiri, wa ku Syria, unachokera ku banja limodzi limene linakumbidwa pafupi ndi mzinda wa Aleppo mu 1930, ndipo mtundu umenewu umakhala wokhawokha. Mukaika tiwiri m'khola limodzi timamenyana mpaka kuphana. Kamakhala zaka 2 kapena 3. Kamaposa sugar glider pa kuphweka kwa chakudya ndi kufupika kwa udindo, koma mwana amakaona kwambiri kali m'tulo.

Tsopano ndinene chimene ena mwa inu munyansidwe nacho: khoswe woweta. Dikirani kaye, musatseke tsambali. Sindikunena makoswe a m'ngalande, amene amafalitsa matenda ndipo sayenera kugwidwa n'komwe. Ndikunena makoswe amene akhala akuswanitsidwa m'manja mwa anthu kuyambira m'zaka za m'ma 1800, ofatsa, amitundumitundu. Bwererani ku zimene mwana anaona m'kavidiyo: kanyama kokwera paphewa, kolowa m'thumba la malaya, kobwera kakaitanidwa. Pa tinyama tonse tatchulidwa pano, amene amachita zimenezi mosavuta ndi khoswe. Amaphunzira dzina lake, amaphunzira timasewera, amadzisamba kawirikawiri ngati mphaka, saluma wamba, ndipo ngakhale mwachibadwa ndi wa usiku, amasintha n'kumadzuka nthawi imene anthu ake ali maso. Kuuluka kokha ndiko sangathe.

Zovuta zake ndi ziwiri. Amadwaladwala matenda a m'chifuwa ndi zotupa, ndipo moyo wake ndi wa zaka 2 kapena 3 zokha. Mwana amene wakondana ndi khoswe adzalira posachedwa, ndipo kholo liyenera kukonzekera kulira naye. Nayenso amafuna mnzake, ndipo malo ena, monga chigawo cha Alberta ku Canada, salola kumuweta. Komanso ngati mayi kapena bambo m'nyumbamo sangapirire kuona mchira uja, musakakamize. Chiweto chimene wamkulu wa pakhomo amanyansidwa nacho sichisamalidwa bwino.

Mphaka amakhala zaka zofanana ndi sugar glider, 12 mpaka 15, ena kupitirira. Ndiye wina angafunse kuti bwanji zaka ndaziwerengera mlandu kanyama kaja, mphaka ayi. Kusiyana kwake n'kwakuti mphaka ndi wa banja lonse, ndipo dziko lonse limamudziwa. Dokotala wa ziweto aliyense amamuchiza, chakudya chake n'chodziwika, mukachoka masiku angapo mnansi angathe kumudyetsa popanda kum'lembera malangizo a masamba atatu. Amadzisamalira ukhondo, ndipo mwana akamusowetsa mtendere amangonyamuka n'kuchoka, chinthu chimene kanyama ka m'khola sikangachite. Afunika katemera, makamaka wa chiwewe, mankhwala a njoka za m'mimba ndi utitiri, ndi kumutseketsa kubereka. Galu ndiye bwenzi la mwana loposa onse, koma ntchito yake, kumuphunzitsa, kuyenda naye, kumuyang'anira akakhala ndi ana aang'ono, ndi ya munthu wamkulu kuyambira tsiku loyamba.

Kwa ana osakwana zaka 5 nkhani ndi ina. Bungwe la ku United States loona za matenda, CDC, limalangiza kuti ana a msinkhu umenewu asamaweteredwe nyama monga mbewa zoweta, hamster ndi zokwawa, chifukwa cha tizilombo toyambitsa matenda monga salmonella, timene nyama imatha kukhala nato ikuoneka yathanzi. Mwana wamng'ono amagwira nyama kenako chala m'kamwa. Sugar glider nayenso amatha kunyamula tizilombo totere. Pamsinkhu umenewu nsomba za m'galasi zoti aziziyang'ana ndi kuzidyetsa inu muli pomwepo n'zokwanira. Ndipo kwa ana a msinkhu uliwonse, kusamba m'manja ndi sopo akagwira chiweto kapena khola lake kukhale chizolowezi chosakambirana.

Mukaziika pamodzi, kwa ine zikuyenda chonchi. Mwana wa sukulu ya pulayimale wofuna kanyama kogwira: mbira ziwiri. Mwana wokulirapo wofuna kanyama kanzeru kokwera paphewa, m'banja losanyansidwa: makoswe awiri. Banja lofuna chiweto cha onse kwa zaka zambiri: mphaka. Kalulu kwa mwana wodekha amene ali ndi malo. Hamster ndi sugar glider ali kumapeto, ndipo pa awiriwa sugar glider ndiye wotsiriza, poti amaphatikiza usiku, zaka zambiri, chakudya chovuta ndi kusowa kwa madokotala.

Ngati inu eni mwakakonda

Pali makolo ena amene powerenga izi azindikira kuti wofuna kanyamaka kwenikweni ndi iwo. Palibe cholakwika. Ngati ndinu munthu wogona mochedwa, wokhazikika malo amodzi, wokonzeka kukhala nato zaka 15, mungathe kutiweta bwino, ndipo ana anu adzaphunzira zambiri poonera inu. Wachinyamata wa zaka 15 kapena 16 angathenso kuthandiza kwambiri, bola mudziwe kuti akadzachoka tinyamato tidzatsala ndi inu.

Mukatero, yambani mwapeza dokotala ndi kufunsa za malamulo, kugula kubwere pambuyo. Tengani tiwiri. Khola likhale lalitali, lokhala ndi nthambi zokwera ndi tizisa ta nsalu, mipata ya waya isapitirire sentimita imodzi ndi pang'ono, apo ayi kadzatulukira pomwepo. Gudumu lothamangira likhale lopanda chitsulo chapakati, chifukwa chimakola mchira ndi chikopa chija. Chipinda chikhale chofunda, cha madigiri 24 mpaka 27, chopanda mphepo yolowa, ndipo chisakhale chogona mwana. Mukatitulutsa usiku, tsekani mawindo, zimitsani fani, vindikirani chimbudzi ndi ndowa zamadzi, poti tikagweramo sititha kutuluka. Mphaka ndi galu akhale kunja kwa chipindacho. Musagule kamwana kongotuluka kumene m'thumba la amake. Oweta odalirika amadikira milungu 8 kapena kuposa. Ndipo musagule pamalo pamene wogulitsa akukuikirani kanyama m'manja mwa mwana wanu kuti muchite manyazi kukana. M'mayiko mmene tinyamati tafala muli magulu osunga timene eni ake anatilephera, ndipo kutenga kumeneko n'kwabwino kuposa kuwonjezera msika.

Mwana ndiye muzimupatsa ntchito zomukwana: kutsuka mbale, kuthira madzi, kukhala chete m'chipinda madzulo kanyama kakumukwera, inu muli pambali. Masana khola silitsegulidwa.

Kwa ambiri a inu yankho likhala lakuti ayi, ndipo mwanayo adzakhumudwa. Musamunamize kuti tinyamati tatha kapena kuti mudzagula chaka cha mawa. Khalani naye pansi, muonereninso kavidiyo kaja limodzi, mumufunse kuti akuganiza kuti kanajambulidwa nthawi yanji, ndipo kanyamako kamakhala kuti iye akakhala kusukulu. Muuzeni za mamita 50, za phanga la mtengo lodzaza ndi abale ake, za miyendo yakumbuyo imene imafa chakudya chikalakwika. Ana amamva zinthu zotere kuposa mmene timaganizira, makamaka akaona kuti mukukana chifukwa chomvera chisoni kanyamako. Akatha kulira, mutengeni kwa munthu woweta mbira, mum'khazike pansi, mum'patse tsamba m'dzanja, adikire mpaka imodzi itulutse mphuno m'kachisa n'kubwera kudzalilandira.